Kamera Siona Monga Diso Lathu

Awa ndi mawu amene mnzathu wina wa gulu lomwe lidalemba mayeso a Fomu 4 mu 1986 adalankhula pa msonkhano wathu wapachaka m'holo ya sukulu. Tawasindikiza onse chifukwa anzathu amene adalephera kufika adatipempha kutero.



A Mlembi atandiuza kuti ndidzalankhulepo za kajambulidwe ka zithunzi, ndidayamba ndakana. Ine sindine katswiri ayi. Ntchito yanga ya moyo wonse idali yowerengera ndalama za eni ake, ndipo kamera ndimangoigwira Loweruka ndi Lamulungu basi. Koma iwo adanditengera kunyumba kwawo nakandionetsa katoni ya zithunzi zimene inu mudatumiza pamene komiti idapempha zithunzi zoika m'buku la chikumbutso cha sukulu yathu. Ndidakhala pansi madzulo onse ndikuzitembenuza. Holo ino ikuoneka bwino. Mtengo wa mango wa kuseri kwa khitchini ukuoneka bwino. Mayunifomu oyera ali mbee! Koma nkhope zambiri zili bii, kotero kuti a Mlembi adalephera kudzizindikira okha pa chithunzi cha timu yawo ya mpira. Pamenepo ndidavomera, chifukwa matenda amenewa ndimawadziwa, ndipo adandipweteka ine mwini.

Pa Khirisimasi ya 1993 ndidapita kumudzi nditabwereka kamera kwa mnzanga wa kuntchito. Filimu yake idali ya zithunzi 24, ndipo zambiri ndidathera pa mbuzi, pa ana, ndi pa njinga yanga yatsopano. Chitatsala chimodzi ndidati ndijambule bambo anga. Nthawi idali itangokwana 12 koloko masana. Ine ndidali m'nyumba, iwo adaima pakhomo atavala chipewa chawo cha kutchalitchi, kumbuyo kwawo kuli bwalo lowala ndi dzuwa. Ndi maso angawa ndinkawaona bwinobwino, mpaka kachipsera ka pachibwano. Ndidadina. Bambo adatisiya mu February 1994, filimu ija ndisanapite nayo kotsukitsa. Chithunzi chitatuluka, nkhokwe ya kumbuyo kwawo inkaoneka mpaka nsungwi iliyonse, koma bambowo adangokhala chithunzithunzi chakuda chovala chipewa. Ana anga nkhokwe ya agogo awo amaidziwa. Nkhope yawo sayidziwa.

Masiku amenewo ndidadzudzula kamera, kenaka ndidadzudzula otsuka filimu. Wolakwa ndidali ineyo. Sindinkadziwa kuti kamera siona monga diso. Diso lathu likayang'ana munthu ali pakhomo, limasintha msangamsanga: likapenya pabwalo limachepetsa kuwala, likabwerera pa nkhope limatsegula, ndipo ubongo umalumikiza zonsezo ife osazindikira. Kamera ilibe mwayi umenewo. Imasankha muyeso umodzi wa kuwala pa chithunzi chonse, ndipo mukapanda kuiuza kuti chofunika ndi nkhope, imasankha yokha. Tsiku lija idasankha nkhokwe.

Mawu oti photography adachokera ku Chigiriki, ndipo tanthauzo lake ndi kulemba ndi kuwala. Tsono cholembera chake ndi kuwala, osati kamera. Chithunzi chakale kwambiri chotoledwa ndi kamera chimene chilipobe adachijambula Mfalansa wina, Nicéphore Niépce, cha m'ma 1826 kapena 1827, ali pa zenera la nyumba yake, ndipo kamera yake idafunika kukhala yotsegula maola ambiri kuti kuwala kulembe kanthu. Mnzake Louis Daguerre adajambula msewu wina wa mu Paris, wotchedwa Boulevard du Temple, mu 1838. Msewuwo udali wodzaza ndi anthu ndi ngolo, koma pa chithunzipo ukuoneka wopanda kanthu, chifukwa chilichonse choyenda chidadutsa kuwala kwake kusanalembeke. Amene adatsalapo ndi bambo wina amene adaima malo amodzi akupolishitsa nsapato. Lero foni yanu imachita ntchito yomweyo m'kaphindi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, koma lamulo lake silidasinthe: kuwala kuyenera kulowa kokwanira, osaperewera ndiponso osapitirira. Muyeso umenewu ojambula amautcha exposure.

Pali zinthu zitatu zimene zimalamulira muyesowu, ndipo kuti timvane ndizifanizira ndi kuwotcha chimanga pa mbaula. Kuti chimanga chipse bwino zimatengera kukula kwa moto, nthawi imene chakhala pamotopo, ndiponso ngati chili dowe lanthete kapena chokhwima. Kusiyana kwake nkwakuti chithunzi chikapserera sichida, chimayera mbuu. Chimene chimada ndi chosapsa.

Kukula kwa moto ndi bowo lolowera kuwala m'kati mwa lenzi, limene amalitcha aperture. Limagwira ntchito ngati kamwana ka m'diso, kamene kamakula mumdima nkuchepa padzuwa. Manambala ake ndi awa: f/2.8, f/4, f/5.6, f/8, f/11, f/16. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amasokonezeka, chifukwa nambala ikamakula bowo limachepa. Kumbukirani masamu a Fomu 1: kagawo kamodzi mwa 16 nkakang'ono kuposa kagawo kamodzi mwa 4. Kuchoka pa nambala ina kupita pa yotsatira, mwadula kuwala ndi theka. Bowoli lili ndi ntchito inanso imene ine ndimaikonda. Likakhala lalikulu, monga f/2.8, munthu amene mwamuloza yekha ndiye amaoneka bwino, za kumbuyo kwake zimachita chimbuuzi. Zimenezi nzabwino pojambula mkwatibwi, makamaka ngati kumbuyo kwake kuli chimbudzi kapena zovala zoyanika. Koma pojambula gulu la mizere itatu, bowo lalikulu limakongoletsa a mzere woyamba nkusiya a kumbuyo ngati ali mu nkhungu. Pa gulu ikani f/8.

Nthawi ya pamoto ndi chikope cha kamera, chimene amati shutter. Chimatsegula nkutsekanso, ndipo liwiro lake limalembedwa m'tizigawo ta sekondi: 1/30, 1/60, 1/125, 1/250, 1/500. Apanso sitepe iliyonse imadula kuwala ndi theka. Chikope chikachedwa kutseka, chilichonse chimene chasuntha chimapaka, monga inki ikakhudzidwa isanaume. Munthu wokhala phee pa mpando, 1/60 imakwana. Ana osewera amafuna 1/250. Wovina beni kapena wothamanga ndi mpira amafuna 1/500 kapena kuposa apo. Ndipo musaiwale kuti si wojambulidwa yekha amene amasuntha. Manja anu nawonso amanjenjemera, makamaka ife amene tadutsa zaka 50. Kukakhala kamdima panikizani zigongono m'nthiti, tsamirani khoma kapena mtengo, ndipo dinani pang'onopang'ono, osati kubaya batani ngati mukupha nsikidzi.

Chachitatu ndi ISO, imene pa makatoni a filimu akale inkalembedwanso kuti ASA. Iyi ndiyo nthete ya chimanga, kunena kuti kamera ikumva kuwala msanga motani. Akuluakulu mukukumbuka kuti tinkagula filimu ya 100 pojambula panja, ya 400 pojambula m'tchalitchi. Ya 200 imamva kuwala kawiri kuposa ya 100, ya 400 kawiri kuposa ya 200. Makamera a masiku ano amalola kusintha nambalayi pa chithunzi chilichonse, ndipo amafika pa masauzande. Koma zaulere palibe: ISO ikakwera kwambiri chithunzi chimatuluka ndi timadontho ngati mwawazapo mchenga. Ndi chifukwa chake zithunzi za pa phwando la usiku zimaoneka zokhakhala.

Zitatuzi zimasinthana ngati anthu osenza mtolo umodzi. Mukajambula pa f/8 ndi 1/125, kuwala kolowa nkofanana ndi kwa f/5.6 ndi 1/250, nkofanananso ndi kwa f/11 ndi 1/60. Mwakulitsa bowo kawiri, mwafupikitsa nthawi ndi theka, zabwerera pomwepo. Chimene chasintha ndi maonekedwe: china chaimitsa wothamanga, china chaonetsa bwino mizere yonse. Ojambula akale amene analibe choyezera kuwala ankasunga lamulo limodzi pamtima: padzuwa lowala bwino, ikani f/16, ndipo liwiro la chikope lifanane ndi nambala ya filimu, filimu ya 100, liwiro 1/125, poti ndiyo nambala yoyandikira. Mumthunzi ankatsegula bowo kufika cha pa f/5.6. Bambo uja ankabwera pa njinga Lamulungu lililonse kudzatijambula kuseri kwa hositelo, ife titabwereka wotchi ndi wailesi kuti kwathu aziti zikutiyendera, ndikhulupirira kuti ankayendera lamulo lomweli.

Ndikuona ana a Fomu 4 akunong'onezana kuti agogowa akutiuza za m'nthano, ife tili ndi mafoni. Nzoona, ndipo kamera ya filimu lero njosowa. Kamera yoyamba ya dijito adaipanga Steven Sasson ku kampani ya Kodak mu 1975, ndipo inkatenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi pa kaseti. Kuchokera pamenepo zinthu zathamanga kwabasi. Koma foni yanuyo ili ndi zitatu zonse ndatchulazi. Mafoni ambiri bowo lawo silisintha, choncho amasewera ndi liwiro ndi ISO, ndipo amasankha okha osakufunsani. Nkhani yagona pa kasankhidweko.

M'kamera iliyonse muli kachipangizo koyeza kuwala. Kachipangizoka kamaganiza kuti dziko lonse, mukalisakaniza pamodzi, ndi lotuwa pakatikati, monga phulusa, osayera osada. Kakaona zoyera zambiri kamati kwawala kwambiri, nkuchepetsa kuwala. Tsono taganizani za ukwati wa kwathu kuno: mkwatibwi wavala diresi loyera, operekeza avala malaya oyera, kumbuyo kuli khoma la tchalitchi lopakidwa laimu, kumwamba thambo la mwezi wa October. Kamera imaona kuyera kokhakokha, imatseka, diresi limatuluka bwino, ndipo nkhope zathu zakudazi zimamira. Si tsoka ayi, kapena ufiti wa achibale a mkwati. Ndi masamu chabe.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene idandikwiyitsa nditaidziwa. Kwa zaka zambiri malo otsukira zithunzi za mitundu ankakonza makina awo poyang'ana khadi lochokera ku Kodak lokhala ndi chithunzi cha mzimayi wachizungu. Makhadiwo ankatchedwa Shirley. Khungu la mzimayiyo likatuluka bwino, ankati makina ali bwino. Khadi lokhala ndi akazi a mitundu yosiyanasiyana, wakuda ali pomwepo, lidabwera m'zaka za m'ma 1990. Kunena kwina, zipangizo zimene tinkalipirira ndalama zathu sizidayezedwe poganizira ife. Koma ndisanamizire azungu pa chithunzi cha bambo anga. Ngakhale Shirley yemweyo akadaima pakhomo paja akadatuluka wakuda.

Mankhwala ake ngosavuta. Pa foni, musanadine, gwirani ndi chala pa nkhope ya munthuyo pa sikirini. Mukatero mwaiuza foni zinthu ziwiri: kuti iloze pamenepo, chimene amati focus, ndiponso kuti iyeze kuwala kwa pankhopepo. Pa mafoni ambiri pamatuluka kachizindikiro ka dzuwa. Kakokereni chokweza kufikira nkhope ioneke monga mukuionera ndi maso. Pa kamera yeniyeni funani batani lolembedwa +/- ndipo ikani pa +1. Thambo likayera mbuu, lisiyeni liyere. Palibe mdzukulu amene adzatenge chithunzi kuti aone mmene thambo lidalili mu chaka chakuti.

Koma mankhwala oposa onse ndi miyendo yanu. Tsiku lija ndikadangotuluka panja, bambo nkuima m'kati pang'ono mwa khomo akuyang'ana kubwalo, kuwala komwe kuja kukadagwera pa nkhope yawo ndipo chikadakhala chithunzi chokongola zedi. Masitepe asanu okha. Choncho musanatulutse kamera m'thumba, yambani mwafunsa kuti kuwala kukuchokera kuti, ndipo kukugwera pa chiyani. Zenera kapena khomo likhale kumbuyo kwanu kapena cha pambali panu, osati kumbuyo kwa wojambulidwa.

Dzuwa la masana ndi mdani. Kuno kwathu likafika paliwombo limaponya mithunzi m'maso ndi kunsi kwa mphuno, mphumi nkumanyezimira ndi thukuta, anthu nkumatsinzina ngati alawa bwemba. Komatu ndiyo nthawi imene timakonda kujambulitsa, tikangotuluka m'tchalitchi. Dikirani cha m'ma 4 koloko madzulo, kapena jambulani m'mawa dzuwa lisanakwere, pamene kuwala kumabwera chopendekera ndipo khungu limaoneka losalala ngati lodzola mafuta. Ngati simungadikire, pititsani anthu pa mthunzi wokwanira, monga pakhonde kapena m'mphepete mwa mtengo wa mango, ayang'ane kumene kuli kowala. Pewani mitengo ya masamba apatalipatali, imene imasiya mawangamawanga pa nkhope ngati nkhanga. Tsiku la mitambo, limene ambiri amati silabwino kujambula, ndilo labwino koposa. Ndipo nkhope ikada mbali imodzi, mwana agwire nsalu yoyera ya pabedi cha kumbali imeneyo. Nsaluyo imabweza kuwala, ndipo mudzadabwa.

Za fulashi ndinene mwachidule. Kuwala kwake kumatha mphamvu msanga: munthu amene ali pa mamita 4 amalandira gawo limodzi mwa magawo 4 a kuwala kumene akulandira amene ali pa mamita 2. Tsono inu amene mumayatsa fulashi muli kumbuyo kwa holo pa tsiku lopereka mphoto, mukungowalitsa dazi la bambo amene akhala patsogolo panu. Chodabwitsa nchakuti fulashi imathandiza kwambiri masana, munthu ali pafupi ndipo dzuwa lili kumbuyo kwake. Kamera yobwereka ija idali nayo fulashi. Sindidaiyatse, poti ndinkati ndi ya usiku.

Tsopano kaimidwe. Sendererani pafupi. Zithunzi zambiri za m'katoni ija munthu ali kutali ngati nyerere pakati pa bwalo, chifukwa wojambula ankafuna kuti nsapato, nyumba ndi phiri zonse zilowe. Senderani ndi miyendo, osati kukoka ndi zala pa sikirini, pakuti pa mafoni ambiri kukoka kumeneko kumangodula chithunzi nkuchifutukula, ndipo chimaphwanyika. Yang'anani kumbuyo kwa munthu kuti mtengo wa magetsi usamere pamutu pake. Mwana mjambuleni mutagwada, kamera ifanane ndi maso ake. M'mabuku mudzapeza lamulo lakuti mugawe chithunzi m'magawo atatu chopingasa ndi choimirira, ndi kuika munthu pa umodzi wa mizereyo osati pakati penipeni. Ndi malangizo abwino pojambula nyanja kapena msodzi ndi bwato lake, koma ine sindilitenga ngati lamulo la Mose. Agogo atakhala pa mpando wawo, aikeni pakati. Gulu lijambuleni katatu kapena kanayi, popeza nthawi zonse pamakhala wina wophethira. Ndipo pukutani lenzi ndi kansalu kofewa. Foni imene yakhala m'thumba limodzi ndi mandasi singatulutse chithunzi choyera.

Mawu amodzi a ulemu: pemphani musanajambule munthu. Pa maliro makamaka, masiku ano tafika poipa. Namfedwa akulira, wina wamuimika foni pamphuno, ndipo thupi lisanalowe m'manda zithunzi zafika kale ku Johannesburg. Sitidaleredwe choncho.

Chotsala ndi kusunga, ndipo apa ndikuopa kuti ana athu adzakhala osauka kuposa ife. Ife tinkajambula 24 kapena 36, nkutsukitsa zonse, nkuziika mu alubamu. Inu mumajambula mazanamazana, foni nkubedwa pa depoti, zonse nkupita. Zimene mudatumizirana pa WhatsApp zimatsala, koma WhatsApp imachepetsa chithunzi kuti chiyende msanga, kotero kuti mukafuna kuchikulitsa chimaphwanyika; chithunzi chofunika chitumizeni ngati document, chimafika chathunthu. Chaka chilichonse sankhani zithunzi 10 kapena 20 mukazisindikize pa pepala. Kumbuyo kwake lembani mopepuka ndi pensulo maina a anthu, malo ndi chaka. Zisungeni pouma, kutali ndi dzuwa ndi chiswe. Amene mukadali ndi manegetivu akale musataye, amatha kutulutsanso zithunzi.

Amene ali ndi K500 m'thumba aitulutse aone nkhope ya John Chilembwe. Nkhope imeneyo tikuidziwa chifukwa adajambulidwa. Mmodzi wa amene adamujambula, iye ndi banja lake, adali Mmalawi mnzathu, Mungo Murray Chisuse, amene ankagwira ntchito yosindikiza mabuku pa mishoni ya Blantyre ndipo adaphunziranso kujambula. Chilembwe adaphedwa mu 1915, tchalitchi chake cha ku Mbombwe chidagwetsedwa, koma zithunzizo zidatsala. Kamera za nthawi imeneyo zidali mabokosi olemera oimika pa miyendo itatu, zopanda batire, zopanda sikirini yoonerapo zimene zatuluka, komabe nkhope ya munthu wakuda wovala kolala yoyera ikuoneka bwino lomwe patapita zaka zoposa 100. Ine ndi kamera ya 1993 ndidalephera.

A Wapampando, ndaona kuti mwayang'ana wotchi kawiri. Ndili ndi pempho limodzi. Pa pulogalamu palembedwa kuti chithunzi cha gulu chijambulidwa 12 koloko pa masitepe a holo, tisanadye. Ndikupempha kuti tichisunthire ku 4 koloko, ndipo tikaime kuseri kwa laibulale, kumene khoma limaponya mthunzi nthawi imeneyo. Aphunzitsi athu akale akhale pa mipando kutsogolo, aatali apite kumbuyo, ovala zipewa azikankhire m'mbuyo pang'ono kuti maso aoneke. A Mlembi abwere ndi pepala ndi pensulo, alembe maina mzere ndi mzere tisanabalalike.